Mwana wa pa Esiteti ndi Mbiri ya Makolo Ake ku Thyolo

Munthu woyenda pa msewu wochokera ku Limbe kunka ku Thyolo, akapitirira Bvumbwe, ayamba kuona minda ya tiyi itayalidwa pa zitunda monga mphasa yobiriwira yopanda polekeza, yodulidwa ndi tinjira tokha ta anthu othyola masamba. Koma akapenyetsetsa adzaona kuti apa ndi apo, pakati penipeni pa tiyiyo, patsala kankhalango ka mitengo ikuluikulu ya m'thengo imene nkhwangwa sidaikhudze. Ambiri mwa malo otere ndi manda. Pamene pali manda padali mudzi, ndipo pamene padali mudzi padali anthu okhala ndi maina awo, mafuko awo ndi nkhani zawo. Zidzukulu za anthu amenewo ndizo zakhala pa mabenchi m'sukulu za ku Thyolo lero, ndipo kawirikawiri zimapyola pafupi ndi mitengoyo m'mawa ndi madzulo, osadziwa kuti pansi pake pagona ndani.

M'sukulu za pulayimale muli phunziro limene mwana amafunsidwa kuti afotokoze za banja la kwawo ndi kumene makolo ake adachokera. Phunziroli lioneka lapafupi. Mwana wa ku Dowa kapena ku Ntcheu, wokulira pa mudzi umene agogo a agogo ake adagonapo, sasowa chonena: atchula mfumu, atchula chiwongo, atchula ndi dambo limene anthu adamwapo madzi pofika. Koma mwana wa pa esiteti akafunsidwa amangoti, "Kwathu ndi ku malaini," kapena, "Agogo ankathyola tiyi," nakhala pansi. Mphunzitsi wongotuluka kumene ku koleji angayese kuti mwanayo ndi waulesi, kapena kuti kwawo kulibe akulu. Si choncho ayi. Kusowa mawu kwa mwanayo kuli ndi mbiri yakeyake, ndipo mphunzitsi wosaidziwa mbiriyo adzafunsa mafunso osayenera nalandira mayankho opanda kanthu.

Eni dziko akale m'dera limeneli anali Amang'anja, anthu olima thonje ndi osula zitsulo. Kuyambira m'zaka za m'ma 1860 nkhondo za ukapolo, kufika kwa Ayao, njala yaikulu ya 1862 ndi 1863, ndiponso kuukira kwa Angoni a Chikusi mu 1884, zidabalalitsa midzi, anthu ambiri nathawira m'mapiri. Chotero Azungu oyamba adapeza zigwa zooneka ngati zopanda mwini, chikhalirecho eni ake analipo, ali pamwamba kudikira kuti dziko lizizire. Boma la Angerezi litakhazikika mu 1891, mkulu wake woyamba, Harry Johnston, adapereka zikalata za umwini wa malo kwa Azungu amene adanena kuti adagula dziko kwa mafumu ndi nsalu, mikanda ndi mfuti. Mmodzi wa iwo anali Eugene Sharrer, amene malo ake aakulu adalowa pambuyo pake m'manja mwa kampani ya British Central Africa, ndipo gawo lalikulu la Thyolo lidakhala la kampani imeneyi. M'zikalata zambiri mudali mawu akuti midzi ndi minda imene idapezeka kale pamalopo isavutitsidwe. Mawu amenewa ayenera kukumbukiridwa, pakuti ndiwo adagawa anthu pawiri: akale, amene lamulo lidawatchinjiriza ngakhale pang'ono, ndi obwera, amene analibe chowatchinjiriza chilichonse.

Tiyi sadali mbewu yoyamba. Azungu adayamba ndi khofi, ndipo khofi atakanika adayesa thonje ndi fodya. Ku Mulanje, Henry Brown adabzala tiyi pa Thornwood mu 1891. Ku Thyolo tiyi adafika mu 1908 pa Bandanga, chaka chomwecho chimene njanji yopyola pa Luchenza idafika ku Blantyre. Satemwa idatsegulidwa ndi Maclean Kay mu 1923, ndipo Mtaliyana Ignazio Conforzi naye adakuza minda yake m'dera lomweli. Tsono tiyi ndi mbewu ya njala ya manja. Ifuna anthu ambirimbiri m'miyezi ya dzinja, nthawi yomweyo imene munthu aliyense afuna kukhala m'munda mwake kupalira chimanga. Amang'anja ndi Ayao okhala ndi minda yawo sadafune ntchito yotere, ndipo eni maesiteti adapeza manja amene ankawasowa mwa anthu ochokera kum'mawa.

Anthu amenewa anali Alomwe, ochokera ku dziko la Apwitikizi, m'madera ozungulira phiri la Namuli, limene iwo amalitcha chiyambi cha mtundu wawo. Adayamba kulowa ambiri cha m'ma 1900, akuthawa njala, nkhondo za Apwitikizi, msonkho wowawa, ntchito yokakamiza ndi kukwapulidwa m'manja ndi thabwa lobooka. Sadabwere tsiku limodzi kapena motsogozedwa ndi mfumu imodzi monga Angoni. Adadza m'timagulu, mayi ndi ana ake ndi mlongo wake, chaka ndi chaka kwa zaka zoposa makumi anayi. Kalembera wa 1921 adawapeza oposa 120,000 m'Nyasaland, wa 1931 oposa 235,000, ndipo wa 1945 pafupifupi 380,000. Komanso iwo eni sadali kudzitcha ndi dzina limodzi. Padali Amihavani, Akokhola, Amanyawa, Atakhwani, Amarenje ndi ena, aliyense ndi kalankhulidwe kake. Apa ndipo pali chifukwa choyamba cha kusowa mawu kwa mwana uja: mbiri ya anthu obwera m'timagulu ilibe mndandanda wa mafumu woti mwana auloweze pamtima. Ili m'nyumba imodziimodzi, m'kamwa mwa nkhalamba imodziimodzi.

Ofikawo adalandira malo omangapo ndi olimapo pa esiteti, koma malipiro ake anali thangata. Liwuli kale lidali labwino, lotanthauza kuthandizana ntchito pakati pa abale ndi anansi. Pa esiteti lidasanduka ntchito yolipirira malo okhalapo. Poyamba mwamuna anali kugwira mwezi umodzi wa lendi ndi wina wa msonkho wa nyumba, koma mwezi wa pa tikiti unali kuwerengedwa ndi masiku amene kapitawo wavomereza kuti ntchito yatha, kotero kuti kawirikawiri unali kutalika kuposa mwezi wa kumwamba. Madandaulo otere ndiwo ena mwa amene adabala kuukira kwa John Chilembwe ku Chiradzulu mu Januwale 1915.

Koma pa nkhani ya mabanja, chimene chidapweteka koposa ndi lamulo la 1928 lokhudza anthu okhala pa malo a Azungu. Lamuloli lidalola mwini esiteti kuchotsa banja limodzi pa mabanja khumi alionse zaka zisanu zilizonse popanda kutchula chifukwa. Lidamlolanso kuchotsa mwana wamwamuna akakwana zaka 16, ndi kukaniza mwamuna wa kunja kudzakhala ndi mkazi amene wamkwatira pa esitetipo. Wodziwa mwambo wa anthu a m'derali adzaona msanga kukula kwake kwa bala limeneli. Amang'anja, Ayao ndi Alomwe onse ndi anthu a chikamwini: mwamuna amatsata mkazi, ana ndi a kuchikazi, ndipo mudzi umakula pamene ana aakazi akwatiwa ndi kumanga pafupi ndi mayi wawo. Kukaniza mkamwini kunali kudula mudzi pamphuno yake yophukira. Mtsikana anayenera kusankha pakati pa mwamuna ndi mbumba yake. Mnyamata amene akadadzakhala mwinimbumba, wosunga maina ndi nkhani za alongo ake, anali kuchoka asanazimve. Ambiri mwa anyamata otere adalowera ku Salisbury ndi ku migodi ya Johannesburg, ena nakhala machona osabwereranso. Mwana wa lero akanena kuti sadziwa atsibweni a agogo ake, nthawi zina alikunena zotsatira za lamulo limene iye sadalimvepo.

Chifukwa china ndi manyazi, ndipo ichi n'chovuta kuchikamba koma sichingalambalalidwe. Obwerawo adatchedwa "Anguru," dzina limene lidasanduka chipongwe, lonenedwa pamodzi ndi mawu onyoza chakudya chawo ndi chilankhulo chawo. Lewis Bandawe, amene adagwira ntchito ya uphunzitsi ndi ulaliki ku Mihekani m'dziko la Apwitikizi natembenuza Chipangano Chatsopano m'Chilomwe, adayambitsa bungwe loimira Alomwe mu 1943, ndipo Boma lidavomera kuleka dzina lonyozalo m'makalata ake. Koma dzina limatha msanga pa pepala kusiyana ndi pakamwa. Makolo ambiri adaona kuti chabwino n'kulera ana awo m'Chinyanja, kuti asasekedwe ku sukulu ndi ku msika. Chichewa chitasankhidwa kukhala chilankhulo cha dziko lonse mu 1968, Chilomwe chidatsala m'kamwa mwa nkhalamba, polankhula zachinsinsi kuti ana asamve. Chilankhulo chikabisika, nthano, nyimbo za pamtondo ndi maina a mitsinje ya kwawo zimabisika nacho. Maina a anthu nawo adasintha. Pa kaundula wa ntchito ndi pa chitupa cha msonkho padalowa maina monga Sikelo, Fosholo, Tebulo ndi Sitima, ena operekedwa ndi kalaliki wolephera kulemba dzina lenileni, ena odzitcha okha eni ake. Ndipo maina otere ndiwo adatsikira kwa zidzukulu.

Sikuti anthuwa adangokhala chete ayi. Boma lidaona kuti zinthu zaipa, ndipo mu 1946 lidaitana Sir Sidney Abrahams kudzafufuza za malo. Iye adalangiza kuti Boma ligule malo osalimidwa ndi kukhazikapo anthu. Ntchitoyo idayenda mochedwa. Mu Ogasiti 1953, chaka chimene Chitaganya chidakhazikitsidwa, mkangano wochokera pa nkhani ya malalanje pa Mangunda udayatsa moto umene udafalikira m'Thyolo ndi maboma oyandikana. Anthu adatseka misewu ndi mitengo, adakana lendi, ndipo pamene zinthu zidazizira anthu 11 anali atafa. Thangata lidathetsedwa ndi lamulo mu 1962. Munthu amene anali mnyamata wa zaka 16 pa chipolowe cha 1953 tsopano wapitirira zaka 85, ndipo amene anali ndi zaka khumi pamene thangata lidatha wapitirira 70. Mboni zoona ndi maso zilipo, koma zilikutha, ndipo mphunzitsi amene adzati ayambe chaka cha mawa angapeze pakhomo patatsekedwa.

Nanga mphunzitsi achite chiyani? Choyamba asiye kaye chithunzi cha mtengo wa banja chimene chimapezeka m'mabuku a Chingerezi, chija chotsata bambo, ndi bambo wa bamboyo, ndi dzina limodzi lotsika mzere wonse. Chithunzi chimenechi chidapangidwira anthu a mwambo wina. Mwana wa ku Thyolo akapatsidwa chimenechi afika pa agogo aamuna ndi kuima, nadziyesa wopanda makolo. Koma akafunsidwa mayi wa mayi ake, ndi mayi wa ameneyo, ndi alongo awo, mzere umatalika modabwitsa, pakuti ndiwo mzere umene anthu eni amausunga. Alomwe ali ndi liwu lawo la fuko la kuchikazi, nihimo, ndipo gogo amene akana kuti sadziwa mbiri angathe kutchula nihimo lake mosadodoma.

Ndiponso liwu lakuti "mbiri" lokha limaopsa nkhalamba. Mayi wokalamba akamva mdzukulu akuti aphunzitsi afuna mbiri, ayankha kuti zimenezo adziwa ndi amfumu kapena ophunzira. Mwanayo aphunzitsidwe kufunsa zinthu zogwirika. Kalongonda amene aphikidwa pakhomo pano tsiku lathunthu, adamphunzitsa kuphika ndani? Mtondo uwu udasemedwa kuti? Pobwera anthu adaoloka mtsinje uti, ndipo adagona pa mudzi wa yani? Phoso la pa esiteti linali chiyani, ndipo dengu lodzaza masamba linali kulipidwa bwanji pa sikelo? Mafunso otere amatsegula pakamwa, chifukwa woyankha aona kuti afunsidwa chimene achidziwa kuposa wina aliyense. Njira imeneyi si yachibwana. Megan Vaughan, polemba buku lake la 1987 lonena za njala ya 1949 m'boma la Blantyre, adapeza zambiri m'nyimbo zimene akazi anali kuimba posinja, zimene makalata a Boma sadazilembe. Chaka chomwecho Landeg White adatulutsa mbiri ya mudzi wa Magomero, yomangidwa pa makalata pamodzi ndi zokumbukira za anthu a m'mudzimo. Ndipo asanabwere awiriwa, Samuel Ntara ndi E. W. Chafulumira anali atayenda kale kwa akuluakulu kusonkhanitsa mbiri ya Achewa ndi ya Amang'anja. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Koma dambolo liyenera kufikidwa ndi njira yake.

Nkhalamba siwerenga zaka ndi manambala. Imati, "Ndidabadwa chaka cha dzombe," kapena, "Amayi adakwatiwa itangotha nkhondo ya Jeremani." Apa ndipo ntchito ya mphunzitsi ioneka. Iye alembe pa bolodi zaka zodziwika monga zikhomo zokolekapo nkhani: nkhondo ya 1914 mpaka 1918 ndi amtengatenga ake, chimfine cha 1918, nkhondo ya 1939 mpaka 1945 imene asilikali a kuno adafika nayo ku Burma, njala ya 1949, chipolowe cha 1953, ufulu wa 1964. Mwana akabwera ndi mawu akuti agogo ake anali kuyamwa pa njala ija, ayang'ane pa bolodi napeze yekha chaka. Pa nthawi yomweyo aona kuti mbiri ya m'buku ndi mbiri ya kwawo ndi mtsinje umodzi, ndipo nkhope ya mwana wozindikira chimenechi imasiyana ndi ya mwana woloweza maina a mabwanamkubwa.

Za mapepala zingonenedwa mwachidule, pakuti ndi ochepa. Moto wa 1919 udatentha maofesi a Boma ku Zomba pamodzi ndi makalata ambiri a zaka zoyamba, ndipo otsala, amene asungidwa ku nyumba ya makalata akale ku Zomba komweko, amawerenga anthu a pa esiteti monga manambala koposa monga maina. Chothandiza msanga chili pafupi: kaundula wa ubatizo ndi wa maukwati ku mipingo, monga ku Malamulo kumene Adventist adayamba ntchito mu 1902, ndiponso tikiti yakale, chitupa cha msonkho, kapena dzina lolembedwa mkati mwa chikuto cha Baibulo. Zotere mwana azione ndi kuzikopera pakhomo pomwepo. Asazinyamule kudza nazo ku sukulu, kumene zingatayike.

Pali zina zimene mphunzitsi ayenera kuyendapo ndi mapazi ofewa. M'kalasi limodzi mungakhale mdzukulu wa munthu amene adagwetseredwa nyumba ndi mdzukulu wa kapitawo amene adaigwetsa. Mungakhale mwana amene gogo wake wakale adalowa m'mudzi monga kapolo, ndipo banja lidakwirira nkhaniyo dala. Mungakhale wina amene agogo ake adabadwa kwa mwini esiteti amene sadawavomereze. Mwana asakakamizidwe kuwerenga pamaso pa anzake chimene kwawo amachinena monong'ona, ndipo gogo akati, "Izi zokha usalembe," mawu akewo ndi lamulo. Kumanda nako ana sapita okha kapena ndi mphunzitsi yekha. Kuyenera chilolezo cha mfumu, ndi cha eni esiteti ngati mandawo ali m'kati mwa tiyi, ndipo nthawi zambiri n'kokwanira kuima patali, mkulu wa pamudzi nalozera ndi kutchula amene agona pamenepo. Komanso nkhani ya malo ku Thyolo sidathe. Boma limene lili ndi anthu oposa 700,000 pa kalembera wa 2018, pamene zitunda zabwino zili pansi pa tiyi, silisowa milandu ya malire, ndipo kope la mwana lonena kuti mudzi wa makolo ake udali pakutipakuti lingathe kutengedwa monga umboni. Mphunzitsi alembetse zimene zanenedwa ndi dzina la wonena, koma kuweruza asiyire a bwalo.

Masiku ano manyazi aja achepa. Bungwe la Mulhako wa Alhomwe, limene Bingu wa Mutharika, mwana wa ku Thyolo komweku, adalikhazikitsa poyera pa Chonde ku Mulanje mu 2008, limasonkhanitsa anthu chaka ndi chaka, ndipo gule wa tchopa adalembedwa ndi UNESCO mu 2014 pakati pa chuma cha miyambo ya anthu a pa dziko lapansi. Izi zathandiza, pakuti mwana amene kale akadabisa mtundu wake tsopano autchula mokweza. Komabe chikondwerero chimapatsa mwana mbiri ya mtundu, osati ya nyumba yake, ndipo ziwirizi n'zosiyana. Ana ambiri a ku Thyolo akatsata bwino mizere yawo apeza Mlomwe, Mmang'anja, Myao, Mngoni wa kwa Bvumbwe ndi Msena wokwera kuchokera ku chigwa cha Shire, onse m'nyumba imodzi, popeza malaini a pa esiteti adakwatitsa anthu amene kwawo sakadakomana. Phunziro limene litha ndi kugawa ana m'magulu a mitundu lalephera, ngakhale makope atadzaza.

Ulendo wa mabanja amenewa sudaimire pa Thyolo. Pakati pa 2004 ndi 2011, pa ntchito yotchedwa Kudzigulira Malo, mabanja pafupifupi 15,000 osowa minda adathandizidwa kugula malo atsopano, ena ochokera ku Thyolo ndi ku Mulanje nakakhazikika ku Machinga ndi ku Mangochi. Ana obadwira kumeneko tsopano ali m'sukulu, ena atsiriza. Akafunsidwa kumene makolo awo adachokera amati ku Thyolo, monga agogo a agogo awo ankati ku Namuli, ndipo manda a kwawo adatsala kumbuyo pakati pa tiyi, pansi pa mitengo imene iwo sadaionepo.